Kuona Mbalame Koyamba: Phunziro la ku Lifuwu

Pakati pa zokondweretsa zonse zimene Mlengi anaikira ana a anthu pansi pano, chilipo chimodzi chimene sichilira ndalama, sichisankha wolemera kapena wosauka, ndiponso sichizirala ndi ukalamba, ndicho kuona ndi maso ako cholengedwa chimene sunachionepo chibadwire. Alipo anthu m'maiko ambiri, ndipo muno m'Malawi aliponso, amene amalawira m'bandakucha, nayenda mitunda italiitali, nalowa m'matope ndi m'zitsamba zaminga, osati kukasaka ndiwo kapena kukatcha misampha, koma kuti akaone mbalame ndi kuizindikira mtundu wake. Ndipo tsiku limene aona mtundu umene sanauonepo amalilemba m'buku monga tsiku la mwayi waukulu. Munthu wa pamudzi akawaona ataima chilili m'mphepete mwa dambo, magalasi oonera kutali ali kumaso, kawirikawiri amapukusa mutu nati, “Anthu awa asowa chochita.” M'mutu uno tifuna kuonetsa kuti chochitacho chilipo ndithu, kuti ndi ntchito yolemekezeka, ndiponso kuti eni ake enieni ndi anthu okhala pamalopo, ngakhale kuti ambiri a iwo sanauzidwepo zimenezi.

Akatswiri a zolengedwa amawerengera kuti pa dziko lonse lapansi pali mitundu ya mbalame pafupifupi 11,000, ndipo mwa imeneyi, mitundu yokwana ngati 650 inaonekapo m'dziko lathu lino, chiwerengero chachikulu ndithu tikalingalira za kuchepa kwa dzikoli. Chifukwa chake n'chakuti Malawi, ngakhale ali wopapatiza, ali ndi mapiri ozizira monga Mulanje ndi Nyika, nkhalango za mombo ndi masuku, zigwa zotentha monga cha Shire, nyanja zazikulu ndi madambo osawerengeka, ndipo malo alionse mwa amenewa ali ndi mbalame zakezake zimene sizikonda kukhala kwina. Chotero palibe munthu, ngakhale atamera imvi zotani, amene angathe kuziona zonse ali khale pakhonde pake.

Kuona koyamba kuli kwa mitundu itatu, ndipo n'kofunika kuisiyanitsa. Kulipo kuona koyamba kwa munthu payekha, monga pamene mwana wa kumapiri a Dedza atsikira kunyanja naona vuwo ndi thumba lake la kukhosi: mbalameyo ndi yakale kwa asodzi, koma kwa iye ndi yatsopano, ndipo chimwemwe chake n'choona. Kuliponso kuona koyamba kwa malo, ndiko kuti mbalame yodziwika kwina yaoneka m'boma kapena m'dziko m'mene sinalembedwepo ndi kale lonse. Kwachitatu, kumene kuli kosowa kwambiri masiku ano, ndiko kuona mbalame imene sinalowepo m'buku lililonse pansi pa thambo. Woyamba amapindula yekha, wachiwiri amapindulitsa dziko lake, wachitatu amaonjezera nzeru za mtundu wonse wa anthu. Koma onse atatu amayambira pa chinthu chimodzi, ndicho diso lodekha.

Pamene nyanja, dambo, munda ndi thengo zikumana

Kuti nkhaniyi isakhale ya m'malere, tiyeni tipite nayo pamalo amodzi. Munthu akachoka pa boma la Salima kulunjika kum'mawa pa msewu wa ku Senga Bay, napatukira chakumpoto asanafike kunyanja, amafika ku Lifuwu, dera la mchenga, migwalangwa ndi minda ya mpunga, kumene boma linakhazikitsa malo ofufuzira za ulimi wa mbewuyi, odziwika kwa alimi a Faya ndi Kilombero m'dziko lonse. Ambiri amatama Lifuwu chifukwa cha mpunga ndi usipa; koma kwa wofuna mbalame, ulemerero wa deralo uli pakuti malo anayi osiyana agundana pamenepo, kotero kuti munthu angathe kuwaponda onse dzuwa lisanafike paliwombo. Kum'mawa kuli nyanja ndi gombe lake, kumene nkhwazi imalira itaponya mutu kumbuyo, ndipo mphipi zimayanika mapiko pamiyala zikatopa ndi kumira. Kuseri kwa gombe kuli madambo a bango ndi udzu wautali, ndipo chakummwera, kufupi ndi Senga Bay, kuli dambo la Mpatsanjoka, limene oona mbalame akhala akuliyendera zaka zambiri. Pakati pali minda ya mpunga yodzala madzi m'dzinja, ndipo kumtunda kuli thengo la m'mapiri a Senga ndi nkhalango yotetezedwa ya Kuti. Mbalame ya m'nyanja, ya m'bango, ya m'munda ndi ya m'mitengo, zonse zimapezeka pa ulendo wa m'mawa umodzi.

Tsono amene afuna kuona ayambe waphunzira kukhala pansi, pakuti akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Akhale phee m'malire a munda wa mpunga, dzuwa lili kumsana kwake kuti lisamuthobwe m'maso, ndipo ngati mwayi uli naye, posachedwa adzaona dokowe wakuda akuyenda mwaulemu m'madzi osaya. Akamuyang'anitsitsa adzazindikira chinthu chodabwitsa, chakuti mlomo wa dokoweyo, ngakhale atautseka, sukumana pakati, koma umasiya mpata woti kuwala n'kudutsamo. Chakudya cha mbalameyi ndi nkhono zikuluzikulu za m'madzi: ikaigwira nkhono, imalowetsa nsonga ya mlomo wam'munsi m'chigoba, nidula mnofu pamene wagwirira, niusolola, chigobacho n'kutsala pafupifupi chathunthu, ndipo pamalo pamene adokowe otere azolowera kudyera pamapezeka mulu wa zigoba zopanda kanthu, umene umachitira umboni eni ake atauluka kale.

Akasuntha pang'ono kufika pa thamanda lophimbidwa ndi masamba oyandama a nyika, adzapezapo mbalame ina yofiirira thupi, yoyera khosi, yobiriwira motuwa pamphumi, imene zala zake n'zazitali modabwitsa, mwakuti imaponda tsamba ndi tsamba osamira. Mabuku amaitcha jacana. Pa banja la mbalameyi zinthu zinatembenuka: yaikazi ndiyo yaikulu, ndipo ikaikira mazira pa chisa choyandama imachoka kukafuna yaimuna ina, n'kusiya bambo akufungatira yekha. Anapiye akaswa, pakabwera choopsa, bamboyo amawapanira kunsi kwa mapiko nathawa nawo, timiyendo tawo tokha tili lendee kunja. Ndipo ngati tsikulo lili la madalitso, woonayo adzaona kakowa wakuda wa mapazi achikasu, amene pofuna nsomba amatambasula mapiko ake onse awiri nawakumanitsa kutsogolo kwa mutu, napanga mthunzi pamadzi, naweramira m'katimo kujompha tinsomba tili m'munsimo. Munthu amene waona zinthu izi koyamba sabwerera kumudzi monga anachokera, pakuti dambo limene dzulo ankaliyesa malo a udzudzu okha, lero lasanduka mudzi wa mabanja ambiri, lililonse ndi mwambo wake.

Alendo a m'nyengo ya dzinja

Mbalame zimene tatchulazi ndi za kuno ku Africa, ndipo zambiri za izo sizipita kutali. Koma chimene chimadzutsa oona mbalame usiku ndicho alendo, ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Kuyambira mwezi wa Seputembala ndi Okutobala, pamene kunja kwatentha ndipo chizimalupsa chayandikira, m'magombe ndi m'madambo a ku Salima mumayamba kutera mbalame zimene zinaswedwa ku Ulaya ndi ku Asia, zothawa chisanu cha kwawo, ndipo zimakhala nafe kufikira Malichi kapena Epulo. Mneneri Yeremiya, podzudzula anthu a mtundu wake, anawakumbutsa kuti ngakhale dokowe ndi namzeze amasunga nyengo ya kufika kwawo. Koma kumene mbalamezi zimapita zikachoka, anthu a ku Ulaya anakhala zaka mazanamazana osakudziwa, kufikira ena ankakhulupirira kuti anamzeze amagona m'matope a pansi pa maiwe nyengo yonse yachisanu.

Chimene chinathandiza kutsegula maso awo chinachokera kuno kwathu ku Africa. M'chaka cha 1822, pafupi ndi mudzi wa Klütz m'dziko la Germany, munthu wina anapha dokowe woyera amene m'khosi mwake munali mutapyoza muvi wautali wosulidwa ndi mlenje wa ku Africa. Mbalameyo inali itauluka ulendo wonsewo ndi muviwo m'thupi, ndipo mpaka lero ikusungidwa pa yunivesite ya Rostock. Pambuyo pake, m'chaka cha 1899, mphunzitsi wa ku Denmark, Hans Christian Mortensen, anayamba kuveka mbalame timphete ta chitsulo chopepuka kumwendo, tolembedwa nambala ndi malo, kuti wopeza mbalameyo kwina adziwitse mwini mphete. Mwa njira imeneyi namzeze amene anavekedwa mphete ku Staffordshire, m'dziko la England, m'chaka cha 1911, anapezeka ku Natal, ku South Africa, mu Disembala 1912. Chotero namzeze wofiira pakhosi amene mumamuona akuuluka mwaliwiro pamwamba pa mpunga m'Januwale, kapena akusakaza nkhungu zikatuluka m'nyanja, n'kutheka kuti miyezi ingapo yapitayo anali kumanga chisa pa khola la mlimi wa ku Ulaya. Ndipo mlimi ameneyo amamutcha wake monga momwe ife timamutchera wathu.

Umodzi mwa maulendo aatali kwambiri a alendo athu ndi wa kabawi wamng'ono amene amaswana kum'mawa kwa Siberia ndi kumpoto kwa China, amene mabuku anamutcha dzina la mtsinje wa Amur. Mbalameyi imasonkhana m'magulu aakulu ku Nagaland, m'dziko la India, nioloka nyanja yamchere osatera paliponse kufikira itafika kum'mawa kwa Africa, nitsika chakummwera kudzera m'maiko ngati lathuli pa nyengo imene ngumbi zikutuluka, ndipo pa chaka imauluka makilomita oposa 20,000. Alendo ena sachokera kutsidya kwa nyanja koma kumpoto kwa Africa yemweyu, monga dokowe wamng'ono wakuda wa mimba yoyera, amene amafika m'magulu pamodzi ndi mvula nadya dzombe ndi mbozi m'minda. Aliponso kakowa wa ku Madagascar amene amasemphana ndi onsewa, pakuti iye amatichezera m'miyezi ya mwera, anzake atapita. Pa khamu lotere la apaulendo, sipalephera kupezeka wina amene mphepo yamusokeretsa kapena amene wapitirira malire a makolo ake. Ndipo wosokera wotereyo ndiye amene tsiku lina amalembedwa kuti waoneka koyamba m'Malawi.

Amene analemba ndi amene anaona

Kulemba mbalame za dziko lino m'mabuku kunayamba ndi alendo a ku Ulaya. John Kirk, amene anafika ku nyanja yathu pamodzi ndi David Livingstone m'chaka cha 1859, anatola zolengedwa zambiri za m'chigwa cha Zambezi ndi Shire. John Dickinson, sing'anga wa amishoni a ku Magomero, amene anamwalira kwa Chibisa m'chaka cha 1863, dzina lake linatsalira pa kabawi wotuwa amene amakonda kutera pa migwalangwa ndi mivumo ya m'zigwa zotentha. Alexander Whyte, amene anadza ndi Harry Johnston mu 1891, ndiye amene mkungudza wa ku Mulanje unatchedwa dzina lake, pamodzi ndi mbalame ina ya m'nkhalango zathu. M'chaka cha 1930 woweruza milandu Charles Belcher anasindikiza buku la mbalame za Nyasaland; ndipo C. W. Benson, amene anafika mu 1932 kudzagwira ntchito ya boma, anatulutsa mndandanda wake mu 1953, nadzalembanso ndi mkazi wake buku la mbalame za Malawi mu 1977. Ntchitoyi inafika pachimake mu 2006, pamene Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett anasindikiza buku lalikulu loonetsa pa mapu kumene mtundu uliwonse unapezeka.

Anthu amenewa tiyenera kuwayamika, chifukwa popanda cholembera chawo zambiri zikanaiwalika. Koma chilungamo chifuna kuti tifunse: kodi amene ankawatsogolera m'nkhalango, amene ankamva kulira kwa mbalame nanena kumene yabisala, anali ndani? Ambiri a iwo maina awo sanalembedwe. Koma mmodzi dzina lake linapulumuka, ndiye Jali Makawa, Mlomwe, amene anagwira ntchito ndi Benson kuyambira m'zaka za m'ma 1930, natchuka pakati pa akatswiri chifukwa cha diso lake lakuthwa ndi khutu lake losaphonya. Anatsagana ndi Benson ku Northern Rhodesia, napita naye ku zilumba za Comoro pa ulendo wa akatswiri a mbalame wa mu 1958. M'chaka cha 1964, m'nkhalango yowirira ya ku Mayau, kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, Makawa anapeza kambalame kakang'ono koyera pachifuwa kamene sikanafanane ndi kalikonse ka m'mabuku, ndipo chaka chotsatira Benson ndi Michael Irwin anakalemba monga mtundu watsopano, nakatcha Pogoniulus makawai pomulemekeza. Chiyambire pamenepo palibe amene anakapezanso, ndipo akatswiri akhala akutsutsana ngati kali mtundu paokha kapena kali kosiyana maonekedwe chabe pakati pa abale ake. Koma mkanganowo suchotsa kanthu pa ulemu wa munthu amene anaona chimene ena onse anachidutsa.

Nzeru zotere sizinathere pa Makawa. Kutsidya kwa nyanja yathu, m'nkhalango ya Niassa ku Mozambique, Ayao ofula uchi ali ndi kaitanidwe kawo koitanira nsadzu, mbalame ija yotsogolera anthu ku njuchi. Ndipo kafukufuku amene Claire Spottiswoode ndi anzake anafalitsa mu 2016 anaonetsa kuti mlenje akaitana ndi mawu a makolowo, mwayi wake wopeza njuchi umachuluka pafupifupi katatu kuposa akamangopanga phokoso lina. Ophunzira anayeza ndi kulemba, koma chinthucho eni ake anachidziwa kuyambira kalekale. Momwemonso ku Lifuwu, msodzi amene wakhala m'bwato kuyambira ubwana wake amadziwa mbalame zimene zimatsata usipa ndi nyengo imene zimafika. Mayi wozula udzu mumpunga amadziwa imene imamanga chisa m'bango ndi imene imaikira pansi. Ndipo mwana woamira mpheta, amene amakhala pamunda kuyambira m'mawa kufikira madzulo mpunga ukamacha, amayang'ana mbalame maola ochuluka pa mwezi umodzi kuposa mlendo wa magalasi pa chaka chathunthu. Mlendo wanzeru akafika, amayamba wapereka moni kwa eni dera, nafunsa modzichepetsa kuti, “Zikomo agogo, kodi mbalame iyi mumaitcha chiyani kuno, nanga imabwera mwezi uti?” Pakuti safunsa anadya phula.

Umboni wa chimene waona

Komabe diso lokha silikwanira, popeza diso limanyengeka, makamaka pamene mtima ukulakalaka chachilendo. Zilipo mbuna zingapo zimene oyamba kumene amagweramo. Mwana wa nkhwazi sakhala ndi mutu woyera ndi mapewa ofiirira ngati make, koma amakhala wamathothomathotho, wakuda ndi wotuwa, kufikira atatha zaka zinayi kapena zisanu, ndipo ambiri amamuyesa chiombankhanga cha mtundu wina. Mpheta yaimuna ija yofiira ndi yakuda, imene imadzitukumula pamwamba pa bango m'dzinja, ikafika nyengo yachilimwe imavula zokongolazo nikhala yotuwa ngati yaikazi, kotero kuti wosadziwa amawerenga mitundu iwiri pamene pali umodzi. Alendo ambiri a kumpoto amafika kuno atavala nthenga zosaoneka bwino, zosiyana ndi zimene amavala kwawo pa nyengo yoswana. Ngakhale dokowe wa nkhono uja, akali mwana, mlomo wake umakumana bwinobwino, mpatawo umadza pokula.

N'chifukwa chake oona mbalame anaika mwambo wakuti chachilendo chisalandiridwe popanda umboni, monga Malembo anenera kuti mlandu utsimikizike pakamwa pa mboni ziwiri kapena zitatu. Woona mbalame imene sakuidziwa alembe pomwepo, mbalameyo isanauluke ndiponso asanatsegule buku, chifukwa buku likatsegulidwa msanga, zithunzi zake zimalowa m'malo mwa chimene maso anaona. Alembe kukula kwake poyerekeza ndi mbalame yodziwika, kaya ndi timba, pumbwa, njiwa, nkhanga kapena tsekwe. Alembe utali ndi kapindikidwe ka mlomo, mtundu wa miyendo, mabanga a pamapiko ndi kumchira, kayendedwe ndi kaulukidwe kake, kulira kwake, chimene inali kudya, malo amene inali, tsiku ndi nthawi. Ngati pali mnzake pafupi amuitane, ndipo ngati ali ndi foni ajambule chithunzi kapena mawu. Pa masiku a Whyte ndi Makawa umboni unali mbalame yophedwa ndi kuumitsidwa. Ife tili ndi mwayi wakuti tingathe kutsimikiza popanda kukhetsa mwazi. Ndipo munthu asachite manyazi kulemba kuti mbalameyo sanaizindikire, chifukwa mzere umodzi woona uposa tsamba lodzala ndi zongoganizira, ndipo bodza limodzi lolowa m'kaundula limasokeretsa ofufuza a mibadwo yambiri.

Phindu la kaundula

Wina angafunse kuti, “Nanga zonsezi zitipatsa chiyani ife olima ndi opha nsomba?” Yankho lake n'lakuti mbalame ndi amithenga a kusintha kwa dziko, ndipo uthenga wawo umamveka kokha pamene pali wina amene analemba za dzulo. Mpheta ya m'nyumba ija imene lero ili ponseponse m'masitolo ndi m'misika siinali kuno pa masiku a Belcher: anthu anaibweretsa ku South Africa pa zombo, nifalikira chakumpoto kutsata matauni ndi misewu, nifika m'Malawi m'zaka za m'ma 1960, ndipo tikudziwa zimenezi chifukwa wina anaiona koyamba nalemba. Kuyambira mu 1991 maiko a mu Africa akhala akuwerenga mbalame za m'madzi m'miyezi ya Januwale ndi Julaye, kuti aone ngati zikuchuluka kapena kuchepa. Ndipo kuyambira mu 2002 pali kaundula wa pa intaneti wotchedwa eBird, woyendetsedwa ndi yunivesite ya Cornell ku America, m'mene munthu aliyense angathe kuikamo zimene waona, ngakhale ali pa gombe la Lifuwu.

Kaundula yemweyo amene amasunga tsiku loona koyamba amasunganso tsiku loona komaliza, ndipo apa ndiye pagona nkhawa yathu. Mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa nyanja ikatha ndi nkhwangwa za owamba nsomba, nkhwazi imasowa pomanga chisa. Bango likatenthedwa chaka ndi chaka, atchete ndi anzawo amasamuka. Dambo likauma kapena likathiridwa mankhwala mosasamala, akakowa amachoka. Ndipo nsomba zikakokoledwa ndi maukonde a maso ang'onoang'ono, njala imagwera mphipi ndi msodzi pamodzi. Sitikubisa kuti mbalame zina ndi mliri kwa mlimi: mpheta za mlomo wofiira, zimene zimauluka m'magulu a zikwizikwi, zingathe kupulula munda wa mpunga pa masiku ochepa, ndipo misozi ya mwini munda si yoseketsa. Koma ngakhale pamenepa kudziwa ndiko kumathandiza, pakuti amene amasiyanitsa mitundu amadziwa mdani wake weniweni ndi nyengo ya kufika kwake, ndipo sawononga dokowe wodya dzombe kapena kadzidzi wodya makoswe pa mlandu wa mpheta.

Anthu a ku Salima safunika kuphunzitsidwa ndi wakunja kuti cholengedwa chimasungika ndi lamulo la eni dera. Pa chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira, mwambo wotseka usodzi m'miyezi ya dzinja wakhala ukusungidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo watchuka ngakhale kunja kwa dziko lino. Makolo athu analetsanso ana kupasula chisa cha nantchengwa, ndipo nkhwazi inalemekezedwa kufikira inaikidwa pamwamba pa chizindikiro cha boma la Malawi. Maziko alipo kale. Chimene chikusowa ndi cholembera m'dzanja la mwini malo.

Chotero pempho la mutu uno lipite kwa aphunzitsi ndi ana a sukulu a ku Lifuwu, ndi a m'midzi yonse ya m'mphepete mwa nyanja. Sukulu iliyonse ikhale ndi kope limodzi la mbalame za m'dera lake, losungidwa bwino ndi kupatsirana chaka ndi chaka. M'kopemo mulembedwe tsiku limene anamzeze afika ndi limene achoka, mtengo umene nkhwazi zamangapo, mwezi umene adokowe atera m'minda, ndi mbalame iliyonse yachilendo pamodzi ndi maina a mboni zake. Ana apite kwa agogo awo, Achewa ndi Ayao omwe, akafunse maina ndi miyambo ya mbalame iliyonse nkhalambazo zikali ndi moyo, chifukwa maina ambiri sanalembedwe paliponse, ndipo nkhalamba ikagona, amagona nayo. Mabungwe osamalira zachilengedwe, monga la Wildlife and Environmental Society of Malawi, limene linayamba mu 1947 ndipo lakhala likulimbikitsa makalabu a zachilengedwe m'sukulu, ndiwo oyenera kufikiridwa pofuna mabuku ndi uphungu. Pang'onopang'ono ndi mtolo: kope lotere likasungidwa mokhulupirika zaka makumi awiri, lidzakhala chuma chimene palibe mlendo wa masiku atatu angathe kuchisonkhanitsa, ndipo buku lotsatira la mbalame za Malawi lidzalembedwa ndi ana a dziko lino, m'chinenero chawo, pa umboni wa maso awo.